Nkhope Yosekerera ya TV ya Mphezi

"Alamu, inu mukufuna kuwagulitsa bambo anga mtembo wa TV!"

Tsabola anatero ataimirira pakati pa balaza, manja ali m'chiuno. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake omwewo akadali kamwana, poti m'kamwa mwake simunkatuluka mawu ozizira. Alamu ake, amuna a mkulu wake, anali atagwada pafupi ndi mpando wa bambowo, akuwaonetsa pafoni chithunzi cha TV ya chizindikiro cha mphezi.

"Mtembo?" Alamuwo anaseka osatembenuka n'komwe. "Mlamu, khala pansi, tiyi akuzizira. Wayamba liti kudziwa ma TV? Iwe ntchito yako ndi kuima pakhomo n'kumaonetsa mano."

"Pakhomopo ndi pomwe ndimaonera zonse."

"Tsabola, ulemu," anatero mkulu wake ali kukhitchini. "Ntchito imeneyo anakupezera ndi alamu akowo."

Zinali zoona. Onse awiri ankagwira ntchito m'sitolo imodzi ya zamagetsi, alamu m'kati monga wogulitsa, Tsabola pakhomo. Koma nkhani ya lero inali ya bambo. Iwo anayendetsa basi mpaka miyendo inawakana, ndipo tsopano dziko lawo lonse linali mpando wa pawindo. TV yawo yakale, yachimsana chotupa ija, inali itazima ndi ukalamba. Chizimireni, bambo ankangoyang'ana khoma. Mpira ankaumvera kwa oyandikana nawo nyumba: akamva kukuwa kuseri kwa mpanda ankafunsa kuti, "Wagoletsa ndani?" koma woyankha panalibe. Ana awo anagwirizana zowagulira ina. Onse ankadziwa kuti kugulako n'kwa kamodzi. Ikafa imeneyi, bambo abwereranso kukhoma.

"Bambo, musamvere phokoso," anatero alamu. "Mawa mubwere mudzaone nokha. Pamwamba pa ma TV a mphezi pali chinkhope chosekerera, chachikulu ngati tayala la basi yanu. Si ine ndimachiseketsa, ndi makasitomala. Munthu akakhutira amadina batani, nkhope imaseka. Chibwerere sinakwinyepo tsinya."

"Inu kwanu muli nayo," anatero Tsabola. "Asisi, tatiuzeni, imagwira bwino?"

Mkulu wake anatulukira ndi thireyi ya makapu. "Imagwira. Bola osaiyatsa masana kukatentha. Mawu akathawa, umangoimenya pang'ono cha kumbali."

"Amenewo ndi magetsi a kwathu kuja," alamu anadula msanga. "Amabwera modumphadumpha."

Bambo anayang'ana mwana wawo wamng'ono, kenako mpongozi wawo. "Ine sindinagulepo galimoto pachithunzi. Mawa ndibwera. Ngati anthu akukhutira nayo, titenga imeneyo."

Tsabola anatsegula pakamwa, koma bambo anakweza dzanja monga ankachitira okwera akayamba kukangana m'basi. Nkhani inathera pomwepo.

Chimene chinkamuwawa Tsabola n'chakuti alamu sankanama. Nkhopeyo inkasekadi, ndipo woidyetsa anali iye mwini. Opanga TV ya mphezi anabweretsa kamakina koima pa mwendo umodzi wa timatayala, kokhala ndi mabatani atatu: wobiriwira wa kukhutira, wachikasu wa "choncho basi", wofiira wa mkwiyo. Zimene anthu adina tsiku limenelo zinkaoneka pa chinkhope cha m'kati chija. Abwana a sitolo anakaimika kamakinako pakhomo la kutsogolo, namuuza Tsabola kuti, "Aliyense wotuluka ndi katoni ya mphezi, umuimitse, umumwetulire, adine."

Nanga ndani angadine wofiira? Munthu wasenza katoni yatsopano yonunkhira pulasitiki, ana akuvina pambali pake, TV isanalawe n'komwe magetsi a kwawo. Ukamufunsa ngati wakhutira, amadina wobiriwira n'kukuthokozanso.

Obweza katundu sankadzera kutsogolo. Mlonda ankawachingamira panja n'kuwalozera kanjira ka kumbali, kodutsa pa migolo ya zinyalala, kokathera pa chitseko chachitsulo cha kuseri. Kumeneko kunali benchi ndi kawindo kolandirira zowonongeka. Tsabola ankadyera chamasana pa masitepe a khomo limenelo, ndiye ankawaona: makatoni omwe aja a mphezi, atang'ambika m'makona, atamangidwa ndi zingwe. Nkhope zina ankazikumbukira bwinobwino. Zinamusekerera kutsogolo.

Tsiku lina anawauzapo abwana. Iwo anangomufunsa kuti, "Iwe ndinakulemba ntchito yomwetulira kapena yoganiza?"

Pakona ya sitolo, kufupi ndi mafani, kunkakhala TV ina ya chizindikiro cha mtengo. Inalibe chinkhope, inalibe nyali zoiwalitsa, fumbi lokha. Imeneyi Tsabola sanaionepo pabenchi ya kuseri. Eni ake ankabwera ndithu kusitolo, koma kudzagula rimoti. Wina anati mwana anaiponya m'ndowa ya madzi, wina anati galu anaitafuna. Tsabola akawafunsa kuti, "Nanga TV?" ankamuyang'ana modabwa. "TV yatani? Ilipo, ikungokalamba nafe." Ometa tsitsi wa pa mphambano anali nayo yomweyo, yoyaka kuyambira potsegula mpaka potseka, pakati pa tsitsi ndi kutentha konse kuja. Mumtima mwa Tsabola nkhani inali itatha kale, ndipo za TV imeneyi anali atawauzapo bambo kangapo. Chotsala chinali choti bambo aone ndi maso awo, poti pakamwa pake sankapakhulupirira.

M'mawa mwake anasita yunifolomu yake mosamala kuposa masiku onse. Ankadziwa kuti mwina akuivala komaliza. Atafika kusitolo anasuzumira kuseri: benchi inali itadzaza, ena ataimirira. Abwana anali muofesi, akukuwa pafoni. Tsabola anapondereza kabuleki ka timatayala ndi phazi, nayamba kukankha kamakina kaja kudutsa pa maketulo ndi mafiriji.

"Chemwali, mukukakatsuka?" anafunsa mlonda.

"Ayi, achimwene. Kakukaona abale ake."

Anakankha chitseko chachitsulo ndi phewa, nakaimika kamakinako patsogolo pa benchi.

"Mwadzuka bwanji nonse? Tsiku limene munkagula tinakufunsani ngati mwakhutira. Lero tabwera kudzafunsanso. Sindikusankhirani batani. Dinani chimene chili mumtima."

Mayi wina wa mpango wofiira, yemwe anakhalira katoni yake ngati mpando, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Si iwe mtsikana unandisekerera uja? Ndinadina wobiriwira ine, ndi chala ichi." Anachiyang'ana chalacho ngati chinamubera. "Mwanawe, yanga imaonetsa anthu obiriwira. Wowerenga nkhani wobiriwira, osewera mpira obiriwira, mpirawo sukuoneka n'komwe paudzupo. Kanjira ka zinyalalaka ndakayenda mpaka ntchentche zikundidziwa." Anadina wofiira mwamphamvu. "Ndingabwereze?"

"Kamodzi kokha, amayi. Tisabere ngati eni sitolo."

Bambo wina wa chipewa cha njinga yamoto anadzuka. "Yanga mawu alimo, chithunzi mulibe. Ndinagula TV, koma kunyumba ndili ndi chiwailesi chopachika kukhoma." Nayenso anadina wofiira. Mkulu wina wa magalasi anaima nthawi, akukanda chibwano, kenako anadina wachikasu. Ati ikakhala kuti yadzuka bwino imaonetsa zokongola. Tsabola sanatsutse. Anangogwira kamakinako kuti kasagwe, anthu akudina mmodzimmodzi mpaka onse anatha.

Pobwerera m'sitolo anamva mawu a alamu asanawaone. Bambo anali atafika kale, atakhala pampando umene mkulu wake wa Tsabola anawapemphera, ndodo zawo zili pamiyendo. Katoni ya mphezi inali itatsitsidwa pashelefu, ndipo dzanja la bambo linali pamwamba pake, likuisisita monga ankasisitira chiwongolero.

"Ndinakuuzani dzulo, bambo," alamu ankatero, akuloza m'mwamba kumbuyo kwawo osacheuka. "Musamvere ine. Mverani makasitomala. Taonani nokha."

Bambo anakweza maso. Anayang'ana kwa kanthawi.

"Ndikuona," anatero. "Nkhope imeneyi ndimaidziwa. Ndi ya wokwera amene wamupitiriza siteji mvula ikugwa."

Alamu anatembenuka. Chinkhope chija chinali chitafiira, milomo itagwera pansi, nsidze zitakumana pakati. Iwo anatsegula pakamwa, natseka, natsegulanso.

"Ndi magetsi," anatero.

Mkulu wake wa Tsabola anayesa kugwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno.

"Si magetsi, alamu," anatero Tsabola, akuimika kamakina pakati pa sitolo. "Ndi makasitomala. Awo akubwerawo."

Anali atasiya chitseko chachitsulo chosatseka, ndipo anthu a pabenchi anamulondola ndi makatoni awo, kudutsa pa mafiriji, mayi wa mpango wofiira ali patsogolo. Anaima pansi pa nyali zowala, pamalo amene anagulira, akuphethira ngati anthu otuluka m'dzenje. Ogula ena amene ankayang'ana ma TV a mphezi anabwerera m'mbuyo pang'ono.

Bambo sanamufunse Tsabola kanthu. Analozetsa chibwano kwa mayi uja. "Amayi, pepani. Yanuyo ndi ngati iyi?"

"Mapasa enieni, bambo. Ngati mumakonda mtundu wobiriwira, tengani."

"Nanga inu achimwene a chipewa?"

"Ngati mumakonda kumvera mpira mutatsinzina, tengani."

Bambo anachotsa dzanja pakatoni pang'onopang'ono, nalipukuta pa thalauza. "Tsabola. Ija umainena ija ili kuti?"

"Pakona apo, bambo. Ya mtengo."

Bambo anakweza mawu monga ankaitanira okwera padepoti. "Pagulu lanuli, alipo wabweza ya mtengo?"

Anthu anayang'anizana. Wa chipewa anapukusa mutu.

"Ndiyatsireni imeneyo," anatero bambo.

Alamu anaima chilili, thukuta lili pamphumi. Anayang'ana makatoni omangidwa ndi zingwe aja, ndipo Tsabola anaona kuti ena akuwazindikira, poti anawagulitsa ndi manja awo. "Ine kuseri sindipitako," anayankhula motsitsa, kwa akazi awo. "Ndimangoona nkhopeyi."

"Kuseri si kutali, alamu," anatero Tsabola. "Mukangopitirira mafiriji mwafika."

Alamu anapita pakona, napukuta fumbi la TV ya mtengo ndi mkono wa malaya awo, naiyatsa, nawapatsa bambo rimoti m'manja. Pagalasi panatuluka bwalo la mpira. Udzu unali wobiriwira, anthu anali anthu.

"Ndani wachotsa makina anga pakhomo?"

Abwana anali atatuluka muofesi, foni ikadali m'manja. Anayang'ana chinkhope chofiira, anayang'ana gulu la makatoni ong'ambika pakati pa sitolo yawo, kenako maso awo anakagwera pa Tsabola.

"Ndine, abwana."

"Ndinakuuza uime pati?"

"Pamene pali makasitomala. Lero ambiri anali kuseri."

"Vula yunifolomu yanga. Usadzapondenso pano."

Mkulu wake wa Tsabola anagwira pamtima. "Abwana, pepani, ndi mwana ameneyu, pakamwa pokha..."

"Asisi, musandipepesere." Tsabola anacheukira kwa bambo. Iwo anali atawerama kutsogolo, rimoti ili m'dzanja, milomo ikugwedera limodzi ndi wosewera amene ankathamanga ndi mpira. Zoyang'ana khoma zija zinali zitatha. Tsabola anamva mtima wake ukukhazikika. Anamasula mabatani a jekete la sitolo, nalipinda bwinobwino, naliika pamwamba pa katoni ya mphezi.

"Jekete lanu ilo. Ndikupita. Koma ine si amene ndafiiritsa chinkhopecho. Ine ndangokankha matayala."

"Mlonda!" anakuwa abwana. "Tulutsa anthu awa, adzere kuseri!"

Mlonda anayang'ana mayi wa mpango wofiira, yemwe anali atakhalanso pakatoni yake pakati penipeni pa njira, manja atapinda. Anayang'ananso ogula ena aja, amene tsopano anali atasiya ma TV n'kumayang'ana abwana. Kenako anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake.

"Ine ndinalowera kutsogolo pogula," anatero mayiyo. "Nditulukira kutsogolo. Koma kaye ndili ndi funso."

"Funso lawo ndi langa lomwe, abwana," anatero Tsabola, mawu ake akumveka mpaka ku mafiriji. "Musayang'ane ine, ine mwandichotsa kale. Yang'anani iwowa. N'chifukwa chiyani munthu mumamufunsa ngati wakhutira TV ikadali m'katoni, koma ikafa mumamubisa ku zinyalala? Ali pano, akudikira. Ayankheni!"