Bedi la Mwala, Mbale ya Amayi

1.

Mbale inabwerera yopanda kanthu.

Mayi Pechi, amene amatolera mbale m'nyumba ya odwala ochokera kutali, anavundukula, anagwedeza mutu mwa kwawo kuja kotanthauza kuti zili bwino, n'kuchonga papepala lawo. Wodwala wadya zonse. Linali tsiku lachisanu ndi chinayi.

Wodwalayo ndi amayi anga. Wodya ndinali ine.

2.

Ndine Tinyade, wa ku Linthipe, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mayeso a Fomu 4 ndinalemba, zotsatira sindinazione. Kusukulu ankanditcha Pakamwapatseka. Ndikulemba kumapeto kwa kope la Bayoloje chifukwa ndi lokhalo limene ndinabwera nalo.

Impso za amayi zinafa zonse ziwiri. Dzina lawo litatuluka pamndandanda wa opita ku India, anatiyeza magazi tonse apabanja, malume ndi azakhali omwe, ndipo impso yogwirizana ndi thupi lawo inapezeka kuti ili mwa ine. Ndiye tili kuno ku Madurai, awiriwiri. Katatu pamlungu makina amawatsuka magazi. Adokotala akuti opaleshoni ichitika amayi akapezako mphamvu. Aisuntha kale kawiri. Akudabwa kuti munthu akumaliza mbale tsiku ndi tsiku koma sikelo ikungotsika.

3.

Zimene ndadya zosakhala zanga:

timikate tampunga toyera, tofewa ngati thonje
mazira ochotsa chikasu
mphodza zamadzimadzi, zopanda mchere
kabichi wowiritsa kawiri
apozi wodula panayi
nsomba, kamodzi, Lachitatu

Idya, mwanawe.

4.

Tsiku loyamba amayi anati m'kamwa mukuwawa. Lachiwiri anati kodi kuchipatala cha kwathu wodwala akalephera, amamaliza ndani ngati si gadiyani? Ukufuna eni dziko azinena kuti a ku Malawi ngonyoza chakudya? Mbale yobwerera ili yodzaza n'chipongwe kwa wophika, ndipo zimenezo n'zoona, ndinakula nazo. Lachitatu anangokankha mbale ndi zala ziwiri, iwo n'kumwa tiyi theka la kapu, maso ali pazenera.

Mbale inabwerera yopanda kanthu.

5.

Lamlungu adokotala anati tulukani mukapitidwe mphepo, mwina miyendo ikadzuka thupi lidzuka nalo, ndiye tinakwera kagalimoto ka matayala atatu mpaka kunja kwa mzinda kumene kuli phiri la mwala umodzi wokha, lakuda, logona ngati ng'ombe yaikulu pakati pa minda ya mpunga, ndipo m'munsi mwake muli kachisi wa Ahindu wosemedwa m'mwala momwemo, pakhomo anatiuza kuvula nsapato, amayi n'kuti ine wa Mvano wathunthu kulowa m'nyumba ya mafano, abusa atamva ndingaimire pati, koma anavula, anati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo pansi pankaotcha moti tinayenda chodumphadumpha ngati nkhuku pamalata, m'kati munali mdima wonunkhira mafuta ndi maluwa owola ndi lubani, nsanamira zili ndi nkhope, belu likulira popanda amene ndinamuona akuliza, kutsogolo kanyali kamodzi kakuwalira mwala wakuda wovekedwa nsalu yofiira umene maso ake asiliva ankayang'ana aliyense payekha, kenaka wansembe wamkulu thupi wopanda malaya anatambasula dzanja ndi mpunga wotsekemera patsamba, ndipo amayi anga, amene sanadye masiku asanu ndi anayi, anapinda mawondo, analandira ndi manja awiri, anathokoza m'Chichewa chonse chathunthu, anatembenuka, anandiika tsambalo m'manja

6.

Panja tinapeza bambo wokalamba wa ambulera yakuda. Anati ndi a Chokkalingam, mphunzitsi wopuma, ndipo amaperekeza alendo kuphanga la pamwamba chifukwa kunyumba akazi awo amati amalongolola. Anafunsa ngati Malawi ili pafupi ndi Malaysia. Nditawamasulira, amayi anaseka, koyamba chibwerere. Auze kuti ee, timabwerekana mchere.

Masitepe ndi makumi anayi okha, osema m'thanthwe. Ndinati amayi tisakwere. Anati wandiona ndagwa?

7.

Mtsikana wina ndi mayi wake anakwera phiri. Mayiyo ankapuma pa masitepe asanu aliwonse. Mtsikanayo ananyamula tsamba la mpunga, anyani akumutsatira chapatali. Pakhoma la thanthwe panali anthu osema, okhala chopinda miyendo, opanda chovala, opanda nthiti zooneka, maso otseka theka. Mmodzi anali chiimire, mpaka zomera zoyanga zinamukwera m'miyendo iye osasuntha. Mtsikanayo anakumbuka ulendo wa sukulu wa ku Chongoni, zojambula zofiira ndi zoyera zija, anzake akudya zigege, aphunzitsi akukalipa. Kuja miyala inali chete. Kuno inkaoneka ngati yangosiya kuyankhula chifukwa kwabwera anthu.

Mtsikanayo ndi ine. Nthawi zina zimapepuka kulemba choncho.

8.

Phangalo ndi lalitali m'mbali, denga lake lotsika, ngati pakamwa poyasamula pang'ono. Mileme. Fungo la mileme. Mphepo yozizira yochokera m'kati, kumene kulibe khomo lina.

Amayi anaima pakhomo, anakonza chitenje, anawomba m'manja katatu mwaulemu. Odi kuno.

A Chokkalingam anafunsa kuti akutani. Ndinati kwathu sitilowa pa anthu osaodira. Anati muno mulibe munthu kwa zaka zoposa chikwi, koma phangali limabweza mawu, taonani. Anawomba m'manja mwamphamvu, ndipo kuwombako kunabwerera kawiri.

Odi wa amayi sanabwerere.

Ayankha, anatero amayi. Akuti tilowe.

9.

Mabedi.

Khumi ndi awiri, osemedwa pansi pathanthwe, ondandana ngati m'wodi. Lililonse ndi mtsamiro wake wamwala. Osalala, onyezimira ngati wina amawapaka mafuta.

A Chokkalingam, m'Chingerezi, ambulera ikuloza: Muno munkakhala amonke a chipembedzo cha Ajaini. Analibe kanthu, ngakhale nsalu. Poyenda ankasesa patsogolo pawo kuti asaponde nyerere. Ena mwa iwo akakalamba, kapena akadwala matenda osachira, ankagona pano n'kuyamba kusiya chakudya. Osati mwaukali. Pang'onopang'ono. Poyamba mpunga. Kenaka mkaka. Kenaka madzi. Anzawo ankakhala pambali n'kumawawerengera mawu oyera.

Ine, m'Chichewa: Akuti muno munkagona anthu opemphera.

Amayi: Wayankhula nthawi yonseyo kuti anene zokhazo? Unapita kusukulu kukaphunzira kuba mawu? Nena zonse.

Ndinanena zonse.

10.

Anasankha lachitatu kuchokera kukhoma. Anakhala, anakweza miyendo mmodzimmodzi, anagona chagada. Mutu unakwana pamtsamiro. Zidendene zinafika ndendende pamene bedi lathera, osatsala chala, osapitirira chala. A Chokkalingam anatsegula pakamwa kuti aletse, koma anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Nkhope ya amayi inasalala. Makwinya a pamphumi amene ndawadziwa moyo wanga wonse anachoka. Ndinayang'ana pachifuwa pawo kuti ndione ngati bulauzi ikukwera, ndipo ndinawerenga mpaka khumi ndi zinayi isanakwere.

11.

Amayi, ali gone pamwala, maso kudenga:

Tinya, ndinakubereka wathunthu. Azamba atakuika pamimba panga ndinakuwerenga ndekha, zala khumi, zakumiyendo khumi, makutu awiri, ndinakutembenuza ngati dzungu la pamsika kufuna pamene pali chilema, panalibe. Mwana ndiye amayamwa mayi wake. Zoti mayi ayamwe mwana ndinazionera kuti? Udzakwatiwa, udzaima, adzakufunsa kuti chipsera ichi n'cha chiyani, udzati amayi anga anatengapo. Amalume ako anandikakamiza kukwera ndege, mpingo wonse unatiperekeza ndi nyimbo, ndikanakana bwanji pamaso pa anthu. Koma awa anagona panowa anali ndi nzeru. Sanadule munthu. Pano n'pozizira bwino. Iwe ungopitiriza kundithandiza monga ukuchitiramu, palibe adziwe, tidzangoti matenda anakula.

Idya, mwanawe. Mpungawo uuma.

12.

Unayankha chiyani, Tinyade? Iwe wa mapointi abwino m'kalasi, iwe wodziwa kujambula impso ndi mitsempha yake yonse, unayankha chiyani?



Unayang'ana mabedi khumi ndi limodzi otsalawo, ndipo zinakuonekera ngati pa lililonse mwala ndi wakuda pang'ono pakati, m'maonekedwe a munthu, ngati thukuta silinaume. Unayang'ana m'manja mwako.

Tsamba linali lopanda kanthu. Zala zako zinali zonata. Sukumbuka kutafuna.

13.

Pamphumi pa phangalo, pamwamba pa khomo, pali zilembo. Zina ngati mbedza, zina ngati mapazi a nkhuku pamatope. A Chokkalingam anati n'Chitamilu chakale kwambiri, cha zaka zikwi ziwiri, choti ngakhale iwo anachita kuphunzira atakula kale. Amayi, akadali gone, anati ndiwafunse ngati amenewo ndi maina a anthu anagona pano.

Ayi, anatero bambowo. Ogonawo anasiya maina awo kumudzi pamodzi ndi nsalu. Palibe akuwadziwa. Awa ndi maina a amene anawakonzera pogona. Anayamba kuwerenga, nsonga ya ambulera ikuyenda m'malere:

wogulitsa mchere anasemetsa bedi ili
wogulitsa nsalu
wosula golide
mwana wamkazi wa uje, mphatso yake

Mwala umasunga dzina la woyala, anatero, ngati akunena za nyengo.

Akuti chiyani, anafunsa amayi.

Akuti zinafufutika, ndinatero.

14.

Potsika ndinacheuka kamodzi. Sindidziwa Chitamilu, chatsopano kapena chakale. Koma dzuwa linagunda zilembo zija cham'mbali, ndipo mzere womaliza ndinauwerenga bwinobwino ngati uli pabolodi. Tinyade wa ku Linthipe anayalira mayi wake.

Amayi anatsika masitepe onse osapuma. Ankang'ung'udza nyimbo ya Mvano. Msana wa bulauzi yawo unali wozizira mpaka tinakafika mumzinda, dzuwa lonse lija.

Madzulo mbale inabwerera yopanda kanthu.

15.

Pamwambapa ndalemba ngati mwana womvera amene anazindikira zinthu ali m'phanga. Si choncho.

Mlungu woyamba kuno achipatala anandiitanira ndekha m'chipinda cha anthu asanu okhala kuseri kwa tebulo. Amatero ndi aliyense wopereka impso. Anandifunsa ngati wina wandikakamiza. Mayi wina wa imvi anati ngati ukuopa tiuze, tidzauza abale ako kuti magazi sanagwirizane, palibe adzadziwe. Ndinayankha ndi Chingerezi changa chabwino kwambiri kuti ndikufuna ndi mtima wonse. Pansi pa tebulo ndinali nditadzitsina pantchafu mpaka kutuluka magazi.

Ndimaopa mpeni. Ndimaopa kugonetsedwa osadzukanso. Ndimaopa bowo lotsala m'kati.

Ndinadziwa zimene amayi akuchita kuyambira tsiku lachiwiri. Sindinadye chifukwa cha ulemu kwa wophika, kapena chifukwa gadiyani amamaliza za wodwala. Mbale iliyonse imene ndinamaliza inkakankhira mpeni kutsogolo ndi tsiku limodzi. Adokotala atasuntha opaleshoni koyamba ndinakalowa m'bafa n'kuthokoza Mulungu. Ndipo amayi anandiona nkhope potuluka. Sanayambe kusala chifukwa cha chipsera kapena ukwati wanga. Anayamba tsiku lomwelo limene ndinabwera kuchokera kwa anthu asanu aja, ataona ntchafu yanga pamene ndinkasintha siketi.

Lero Lolemba, masana, chakudya chinabwera. Amayi anakankha ndi zala ziwiri. Ndinakhalira manja anga. Tinakhala choncho ola lathunthu, mpunga ukuzizira pakati pathu, mpaka tinamva tayala la ngolo ya Mayi Pechi likulira m'khonde, zitseko zitatu kuchokera pa chathu.

Tinya, fulumira.

Ayi.

Wasiya kuopa?

Sindinasiye, amayi. Ndikuopa kwambiri. Akalowa ndiwauza masiku onse khumi, ndipo nditchula dzina langa.

Ananditukwana motsitsa mawu, mwana wopanda chisoni, mwana wa njoka, mawu amene sanandinenepo chibadwire. Ngolo inaima pa chitseko choyandikana nafe. Ndinatenga supuni, ndinatapa pang'ono, theka chabe, ndinaifikitsa pamilomo yawo. Dzanja langa linkanjenjemera moti mpunga wina unagwera pachitenje chawo.

Anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Kenaka analigwira pamkono kuti lileke kunjenjemera, ndipo analigwirabe choncho pamene chitseko chinkatseguka.