Njinga za Pakhoma la Banki

Chaka cha 1971, banki ya pafupi ndi njanji ku Kafue inali ndi antchito 11, kuwerengera ndi mlonda wapakhomo, Lastone. Koma kalata ya ku ofesi ya msonkho inati antchito alipo 53, ndipo banki ilipire msonkho wa pamutu wa onse amene inawabisa.

Wowerenga antchitowo anali Abel wa ku ofesi ya msonkhoyo, mkulu wa jekete lothina, amene kufunsa eni ake ankakuona ngati kudzitsitsa. Iye ankangoima tsidya la msewu m'mamawa ndi kabuku, n'kuwerenga njinga zotsamira khoma. Njinga imodzi, wantchito mmodzi. Nzeru imeneyi anaipeka yekha, ndipo ankainyadira kwabasi.

Njingazo zinali za anthu akwawo kwa Lastone ku Petauke, ogwira ntchito kufakitale ya nsalu. Pochokera ku komboni ya Nangongwe, kumene ankakhala, ankazisiya pabanki chifukwa panali maso a mwana wakumudzi. Munthu wakwanu ungamukanize khoma? Mwezi ukatha, wina ankamusiyira nsomba zouma, wina fodya.

Banki inakasuma, ndipo manijala, bwana Morris, anamuitana Lastone.

"Ba Lastone, mailo muzakamba mu khoti. Kambani chabe vazoona."

"Nanga nchito yanga, bwana? Nili na bana faivi, na nyumba ni ya banki."

"Musavutike. Banki siibala banthu bake."

M'mawa mwake Lastone anapita kukhoti ndi mantha, koma ananena zonse. Anatchula njinga iliyonse ndi mwini wake, ngakhale za nsomba zija sanabise. Woweruza anafunsa Abel ngati njinga yopanda tcheni, imene inagona pakhomapo chaka chathunthu, nayonso inali kalaliki. Khoti lonse linafa ndi phwete, banki n'kupambana.

Lachisanu kubanki kunali mabanzi ndi zakumwa. Bwana Morris anamugwira chanza Lastone pamaso pa onse, n'kumupatsa envelopu. Lastone anasangalala mpaka misozi kulengeza. Poti Chingerezi chinkamupita pambali, anapempha kalaliki wina, Edna, kuti amuwerengere kalata imene inalimo.

Edna anawerenga motsitsa mawu. Malinga ndi umboni wake womwe, Lastone ankachita malonda pamalo a banki. Ntchito yatha, ndipo nyumba atulukemo mwezi ukamatha.

Lastone anatuluka banzi lili m'manja, osadziwa kuti mkazi wake akamuyamba bwanji. Tsidya la msewu, Abel ankamudikira, kabuku kali kotsegula.

"Ba Lastone, ija bizinesi ya manjinga munakamba mu khoti, munalipilako msonkho?"