Mayina a M'buku la Mapemphero la Imelda

"Sainani apa, Mayi Baquiran, mubwerere kwa odwala anu," anatero Bambo Sutter, uku akukankha pepala patebulo ndi chala chimodzi.

Bambo Sutter anali mkulu wa nyumba yosamalira okalamba ya mumzinda wa Yonkers, kumene Imelda Baquiran anali atagwira unamwino zaka zinayi chichokereni kwawo ku Iloilo, m'dziko lina lakutali kutsidya la nyanja. Anali munthu waulemu, ndipo ulemu wake unkachuluka akafuna kukupweteka. Pepalalo linkanena kuti pa mliri wa korona wa chaka chathacho, okalamba khumi ndi awiri okha ndiwo anamwalira panyumbapo. Aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Albany, likulu la chigawocho, anali atayamba kufufuza nyumba zoterezi chifukwa cha mphekesera zoti imfa zina zinabisidwa, ndipo Lachinayi ankafuna umboni wa anamwino.

"Khumi ndi awiri, bwana?"

"Amene anatsirizikira pabedi lathu. Wofera kuchipatala ndi wa kuchipatala. Kawerengedwe kameneka sindinayambitse ine, kanachokera kumtunda." Anamwetulira. "Nanga mwana wanu Charisse? Akwanitsa liti zaka makumi awiri ndi chimodzi?"

"Mu Okutobala, bwana."

"Aa, nthawi yatha ndithu. Loya wathu akuti mapepala anu atsala pang'ono kutuluka. Zingandimvetse chisoni zitaimira panjira."

Chilolezo cha Imelda chokhazikika m'dzikomo chinkadalira kalata ya abwana akewo, ndipo Charisse, amene anatsala ku Iloilo, akanatha kumutsatira pokhapokha asanapitirire msinkhu umenewo. Kuyambiranso kwa bwana wina kukanatenga zaka, mwanayo n'kutsala. Anapempha kuti asaine mawa. Bambo Sutter anavomera mokoma mtima kwambiri, mpaka kumutsegulira chitseko.

M'chipinda chopumira anapeza Verna, mayi wa ku Jamaica wosambitsa ndi kudyetsa okalamba, akutenthetsa mpunga wanandolo.

"Nkhope imeneyo ndi ya munthu amene wamwetuliridwa ndi Sutter," anatero Verna. "Wasaina?"

"Ayi."

"Iwe, wapenga? Saina, achemwali. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Aphunguwo akufuna mavoti, akuluakulu aboma akufuna kusunga mipando, Sutter akufuna laisensi yake. Iweyo ndi ine ndife udzu."

"Ambulansi zija ndinkaitana ndine, Verna."

Verna anasiya kutakasa mpunga. Palibe amene ankakonda kukumbutsidwa za Epulo wa mliri uja. Bambo Sutter analamula kuti wokalamba aliyense akangoyamba kubanika, ngakhale amene aliyense ankaona kuti mawa safika, akwezedwe msanga m'ambulansi. Ena anafera pageti penipeni, ena m'makonde a chipatala pakati pa anthu osawadziwa ndi dzina lomwe. Pakhomo pa zipinda zawo pankachotsedwa mayina tsiku lomwelo.

"Unkatumidwa," anatero Verna motsitsa mawu. "Ndiponso akudziwa ndani kuti anali angati? Ine ndinasiya kuwerenga sabata yachiwiri."

Imelda anatsegula chikwama n'kutulutsa kabuku kakuda kothetheka m'mbali, komangidwa ndi mphira. Kwawo amati mzimu wa womwalira umayendayenda masiku makumi anayi, ndipo pa tsiku lomalizalo pafunika wina woupempherera kuti upite mumtendere. Achibale a okalambawo sankaloledwa kulowa, ndiye Imelda anadzipatsa yekha ntchitoyo. Aliyense wokwera ambulansi, iye ankaimbira mnzake wa kuchipatala kufunsa, ndipo akamva kuti wamwalira ankalemba dzina ndi tsiku kumasamba akumapeto kuti asaphonye tsiku la pemphero.

Verna anayendetsa chala pamzerewo, milomo ikugwedera.

"Makumi anayi ndi atatu! Yesu wanga. Iwe, anthu amabisa kachasu m'chikwama, iwe ukuyenda ndi bomba? Kataye mumtsinje lero lomwe."

"Ndi buku la mapemphero."

"Mulungu mayinawo ali nawo kale, sakusowa kope lako. Kwa eni kulibe mkuwe, mwana wa amayi. Ganiza za Charisse."

Tsiku lonselo Imelda anagwira ntchito ali ndi mantha. Foni ya pawodi ikalira ankadzidzimuka. Anayeza wodwala mmodzi kawiri osazindikira, ndipo chikwama chake anachisuntha malo katatu.

Ataweruka cha m'ma foro, anapeza mayi wina ataima pafupi ndi galimoto yake, kumapazi kuli chipale chosungunuka. Anali Gail Wozniak, mwana wa malemu Bambo Stan a m'chipinda chachisanu ndi chinayi, gogo amene ankaba shuga wa anzawo n'kumabisa m'masokosi.

"Pepani anamwino, sindikufuna kukuvutitsani," anatero Gail. "Lachinayi ndikukalankhula kwa aphungu. Kalata ya Bambo Sutter ikuti bambo anga anachoka kuno ali bwinobwino, matenda anakawatengera kuchipatala. Kuchipatalako akuti anafika atatha kale. Ngakhale tsiku lenileni akusiyana. Chaka chikukwana, ine sindidziwa tsiku loyatsa kandulo."

Imelda anali atakonza kale yankho la anthu onse amantha, loti sakukumbukira. Koma munthu wofunsa tsiku la maliro a bambo ake sayankhidwa choncho kwawo, ndipo pakamwa panatsogola.

"Pa folotini Epulo, mayi, cha m'ma leveni m'mawa. Anachoka kuno atadwala kale masiku atatu. Musade nkhawa, tsiku lawo la makumi anayi ndinawapempherera, pa twente-fili Meyi."

Gail anamuyang'anitsitsa, misozi ili lengelenge.

"Mukukumbukira bwanji zonsezi? Munalemba penapake?"

Imelda anakumbatira chikwama chake osadziwa. Poti azindikire, Gail anali ataona kale.

"Ndi bambo anga okha, kapena alipo ena?"

"Mayi, ndili ndi mwana kwathu. Mapepala ake ali m'manja mwa Bambo Sutter."

"Ndamva," anatero Gail. Anapukuta m'maso ndi golovesi. "Sindikutchulani, ndikulonjeza. Zikomo powapempherera. Ine ndinkaganiza kuti panalibe ndi mmodzi yemwe."

Anatembenuka n'kumapita, akuponda mosamala pamalo poterera. Akanamukalipira, akanamuopseza ndi loya, Imelda akanapeza pobisala. Koma mayiyo anangothokoza, ndipo Lachinayi ankapita yekha kukatsutsana ndi pepala lokhala ndi dzina la Imelda pansi pake.

Imelda anakhala m'galimoto nthawi yaitali osaliza injini. Pawindo la ofesi ankaona mutu wa Bambo Sutter utaweramira kompyuta.  Kenako Imelda anatuluka, n'kuthamangira Gail amene anali akadali pamalo okwerera basi.

"Lachinayi mukunyamuka nthawi yanji?"

"Sikisi m'mawa. Koma anamwino, mwana wanu uja?"

"Musandifunse kawiri, mayi, ndingasinthe. Tidzakumane pakona pa tchalitchi, tipitire limodzi."

Pepala losasainalo analisiya kwa mlembi wa Bambo Sutter, n'kutuluka panja kukaimbira mwana wake. Ku Iloilo kunali kutangocha. Charisse anayankha foni ikangolira kamodzi, mawu ali mwee ndi chisangalalo.

"Amayi! Ndimafuna kukuimbirani. Dzulo ndauza abwana kusitolo ya mankhwala kuja kuti ndisiya ntchito mwezi wamawa, ndiyambe kukonzeka. Anzanga akuti andipangira phwando!"

Imelda anatsamira khoma lozizira la panja pa ofesi n'kutseka maso.

"Charisse, mwana wanga, tamvera. Ukafika kuntchito lero, ukawapepese abwanawo. Ukawauze kuti unafulumira."