Kangolo ka Kumanja

Ndiye kuti basi ija inalipo nthawi yonseyi, kuyambira tsiku limene Mose anachipeza chithunzicho pa intaneti n'kuchisunga m'foni. Inalipo pakona, kuseri kwa mitengo yoyoyoka masamba, yochepa ngati nyemba — ndipo iye, amene anachiyang'anitsitsa chithunzicho kwa miyezi iwiri, amene anawerenga ngakhale mabawuti a pawilo, sanaione. Anaiona lero m'mawa, chala chitaterereka pagalasi n'kukuza malo amene sanafune kukuza. Basi yofiira, ikuyenda kumanja kwa msewu, woyendetsa atakhala kumanzere. Kwa eni chithunzicho magalimoto amayenda mbali inayo, choncho kangolo kawo konyamula munthu, komangidwa kumanja kwa njinga yamoto, kamakhala cha kuudzu, kutali ndi magalimoto obwera. Iye anangokopera mmene kanalili. Anakawotcherera kumanja m'dziko loyenda kumanzere, ndipo mlongo wake Agnesi, woyembekezera wa miyezi isanu ndi iwiri, anamukhazika pakati pa msewu, moyang'anizana ndi malole a fodya.

Anali atakhala pa injini yakufa pakhomo pa shedi yake ku Madisi, makina owotcherera ali chete kuyambira Lolemba. Kangoloko kanali pomwepo, pamene anthu anakatsitsa pa ngolo ya ng'ombe: mbali imodzi itabwafuka ngati chitini chopondedwa, koma penti yobiriwira ikadali yowala, ndi mzere woyera uja umene anaujambula ndi nthenga ya nkhuku chifukwa burashi inali yokhuthala. Dzuwa la mu Juni linali lofooka, ndipo kum'mawa mapiri a ku Ntchisi anali asanavule nkhungu, akuoneka ngati akuyandama, ngati sanakhudze pansi.

M'foni imeneyo munali zithunzi mazana. Anthu a kuno amabwera kwa iye ndi mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo, mbaula, mawilo a ngolo, ndipo iye amawapangira bwinobwino osadandaula. Koma ntchito ikatha amakhala pa injini yomweyi n'kulowa kwina — kumene kuli njinga yamoto yasiliva yosalala ngati yosambitsidwa ndi mvula, ina yojambulidwa mbalame pathanki, mbalame zouluka kulowera kuchishalo. Mpando wopangidwa ndi paipi imodzi yokha yopindidwa kanayi, wopanda mwendo wakumbuyo koma osagwa. Nyale ya tcheni cha njinga. Nyumba yagalasi pamwamba pa phiri, mu nkhungu yofanana ndi ya kwathu kuno, moti nthawi zina ankaganiza kuti atakwera phiri lija m'mawa, nkhungu isanachoke, akhoza kuipeza, n'kugogoda, n'kutsekuliridwa ndi munthu wa manja akuda ndi girizi ngati ake. Sankawadziwa mayina anthu opanga zinthuzo, mawu a pansi pa zithunzi sankawawerenga, koma ankawamva ngati abale, ndipo pa Misa ankawapempherera mwakachetechete, anthu onse opinda chitsulo kuti chikongole. Tsopano abale akewo anali atamusiya yekha ndi basi yofiira — ayi, sanamusiye, sanamunamize, basiyo anaiika poyera. Ndi iye amene maso ake anakana kuona china chilichonse kupatula kukongola.

Komatu chinali chikondi, kodi sichinali chikondi? Agnesi anakwatiwa chitengwa, amakhala kwa mwamuna wake Andireya kumapiri uko, kumene msewu uli miyala yokhayokha, ndipo tsiku lililonse la sikelo ankafika ku Madisi atagwira msana, atatsika pa njinga yamoto ya mwamuna wake milomo itauma. Mose ndiye ananena kuti ndikupangirani kanthu. Anagula mapaipi, anadula mpando wa minibasi yakufa, anaikamo masipuling'i a njinga, ndipo tsiku lokamangirira anthu anasonkhana kudzaona. Andireya anakazungulira kawiri, anakanda m'mutu, nafunsa motsitsa mawu kuti ena asamve:

"Alamu, sikakanakhala bwino mbali inayi?"

Ndipo iye — apa mpamene mtima umabwerera mobwerezabwereza, ngati lilime pa dzino lobowoka — iye anatulutsa foni, anamuonetsa chithunzi, naseka kuti anthu amve:

"Eni ake anapanga chonchi. Inu mwawaposa liti?"

Anthu anaseka. Andireya nayenso anaseka, nati pepani alamu, ndife a kumudzi.

Lolemba Andireya ndi Agnesi anatsika phiri bwinobwino, nalowa pa tala. Lole ya mabelo a fodya inazemba dzenje, inadya pang'ono mbali yawo, inakhudza kangolo, n'kupitirira osaima. Andireya sanakalike ngakhale chala. Agnesi mwendo wakumanja unathyoka pawiri. Mwana, anamwino akuti, mtima ukugunda, tidikire. Ndipo anthu, poona mwamuna wosavulala ndi mkazi wogona, anawerenga nkhani yonse pathupi pa awiriwo: akuti anathamanga, anyamata a njinga ndi momwe alili, akuti anadzipulumutsa yekha. A Susana, amayi a Mose ndi Agnesi, sanamuyankhe Andireya moni chiyambire. Atsibweni aitanitsa bwalo la banja lero, fili koloko, kunyumba kwawo kupitirira msika, kuti chitengwa chithe, Agnesi akatuluka m'chipatala abwerere kwa amake. Ndipo aliyense akudziwa kuti Andireya sangasiye bambo ake osaona ndi munda wawo n'kudzakhala chikamwini, kuti banja likatero limangouma ngati nthambi yothyoledwa, popanda wonena kuti latha. Nkhoswe ya kuchikazi ndi Mose. Ndiye anavomereza chitengwacho, ndiye adzafunsidwe pomaliza, ndipo mawu ake ndiwo adzakhale.

Chopweteka n'chakuti Moseyo anthu akumutamanda. Dzulo lomweli, pakhonde la chipatala, amayi ake anamugwira dzanja pamaso pa anthu, akulira, nati chikanakhala chitsulo cha wina bwenzi tikunena zina, koma mwana wangayu akawotcherera amawotcherera. Ndipo n'zoona, palibe pamene panaduka, anayang'ana yekha malo onse olumikiza — zoona zimene kwa iye zinali ngati bodza.

Belu la ku mishoni linalira, thwelofu koloko. Anavula chipewa mwachizolowezi, milomo inayamba yokha pemphero la masana, koma mawu anathera pakati, chifukwa m'maso mwake munabwera msewu wina, wosalala, wopanda dzenje, mitengo yoyoyoka masamba mbali zonse, ndipo Agnesi ali m'kangolo kobiriwira akuyenda cha kuudzu, mpango ukuuluka, malole akudutsa kutali, mbali ya Andireya, opanda phokoso ngati mitambo — dziko limene iye sanalakwe, limene kangolo komweko, osasintha bawuti ngakhale imodzi, kali mbali yoyenera. Anakhala mmenemo kanthawi, osafuna kutuluka. Kenaka anamva mbale ikugunda pa chitsulo pambali pake. Anali a Tikondwe, ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi shedi, atamuikira mbatata ziwiri zootcha, atazichotsa kale phulusa.

"Idyani, a Mose. Wodwala safuna womudikira wanjala."

Anabwerera ku benchi lawo osadikira zikomo. Mose anayang'ana mbatatazo, nthunzi ikukwera mowongoka, nadabwa kuti chifundo chimalemera chonchi chikagwera pa munthu wosayenera. Anafuna kuwaitana, kuwaonetsa basi ija, kuyamba ndi iwo, munthu mmodzi yekha, kuti aone mmene nkhope imasinthira — koma anatenga mbatata n'kuimenya, nadya, ndipo inali yotsekemera.

Akhoza kungofufuta. Chala chinapita chokha pa kachizindikiro ka bini, chinaima pamwamba pake. Ndani wina ku Madisi kuno angaganize za mbali ya msewu wa dziko limene sadziwa ngakhale dzina lake? Akhoza kupita ku bwalo n'kumuikira kumbuyo Andireya popanda kudzitchula, kunena kuti wolakwa ndi wa lole, ngozi ilibe mwini, tiyeni tikhululukirane. Ndipo amayi adzapukusa mutu, adzati lole imadutsa anthu ambiri tsiku lililonse, bwanji mwana wanga yekha, bwanji iye alibe bala — funso limene yankho lake ndi limodzi lokha, ndipo lili m'thumba mwa Mose. Akalinena, dzanja lija limene linamugwira dzulo lidzabwerera pa chitenje. Pamsika adzati ndi uja anatsala pang'ono kupha mlongo wake ndi zinthu za pafoni, adzaseka mbalame za pathanki, adzaseka mpando wopanda mwendo, ndipo khomo lija la nyumba yagalasi lidzatsekeka, chifukwa sadzathanso kuyang'ana chinthu chokongola osafufuza pakona. Ndipo mwana — ngati mtima uja utaleka kugunda — ayi, pamenepo sanafike, anabweza maganizo ngati mbuzi yolowa m'dimba.

Nanga Andireya akukumbuka? Ili ndilo linamuzungulira kwambiri. Munthu amene anafunsa funso lija sangaliiwale. Kapena akulisunga, akudikira kuti atsibweni amalize, amayi amalize, kenaka aimirire n'kunena kuti ine ndinafunsa, anthu analipo, alamu anandiseka. Kapena ayi — kapena akulikumbuka ndipo wasankha kufa nalo, chifukwa mkamwini saloza chala mwini mbumba, chifukwa Agnesi amawakonda achimwene ake. Ndipo ngati ndi choncho ndiye kuti masiku anayi onsewa, pamene ankagona pa simenti kunja kwa wodi, pamene ankachapa zitenje za mkazi wake pampopi pakati pa amayi omuyang'ana cham'mbali, wakhala akunyamula katundu wa Mose mwadala, osanena. Mose sanadziwe chimene akuchiopa kwambiri pa ziwirizi.

Agnesi yekha dzulo, anthu atatuluka, anamukoka malaya. Namwino wina anali atatembenuza bedi lake kuti aziona pawindo, ndipo mapiri anali momwemo, ang'onoang'ono, obiriwira.

"Achimwene, musalole amunene Andireya. Amayenda ngati akuperekeza maliro, mpaka ndinkamuseka."

Kenaka, maso ali pawindo, anati kangolo kaja kanali kokoma, ndinkaona mapiri onse nditakhala ngati bwana, mudzakakonzenso. Iye anangogwedeza mutu. Ambuye, munaona kuti ndinagwedeza mutu.

Nkhungu inali itachoka tsopano ndipo mapiri anali atatera pansi, a miyala, a minda yokololedwa, opanda nyumba yagalasi. Chithunzi chinali chikadalipo. Galasi la foni linazima lokha chala chisanasankhe. Mthunzi wa shedi utafika pa ngalande, anamva mapazi, ndipo anali Andireya, atavala malaya ake a ku tchalitchi, opindika kolala, maso ofiira. M'manja anali ndi kanthu kokulunga m'pepala. Inali sipanala imene anabwereka mwezi watha yomangira mabawuti a kangolo, atayitsuka, atayipaka mafuta.

"Ndimati ndibweze lero, alamu. Mwina mawa kudzandivuta kufika kuno."

Mose anayang'ana nkhope yake kufuna funso lija, kufuna ngakhale mthunzi wake, koma munalibe kanthu kupatula kutopa. Andireya anayang'ana kangolo kamphindi, anakhudza mzere woyera ndi chala, nachotsa dzanja.

"Tiyeni, angatidikire."

Anayenda m'mbali mwa tala, kudutsa ogulitsa tomato, kudutsa anyamata a njinga amene anasiya kucheza pamene awiriwa ankadutsa. Mose ndiye anali mbali ya magalimoto, Andireya cha kuudzu. Foni inali m'thumba la pachifuwa, yofunda, ikugunda pa nthiti pa sitepe iliyonse, ndipo mawu ankawakonza, ankawaphwasula, ankawakonzanso — atsibweni, amayi, ndisanayankhe pali chimene ndikufuna muone — koma ankamveka ngati a munthu wina, wolimba mtima, wa m'dziko la mbali inayo. Patsogolo, pansi pa mtengo wa mango wa atsibweni, mipando inali itayalidwa kale. Anaona duku loyera la amayi, ndi mpando umodzi wopanda munthu pafupi nawo.

Kumbuyo kunamveka kulira kwa lole, kolemera, kukukula. Andireya sanatembenuke, sanasiye kuyang'ana pansi. Anangomugwira Mose pachigongono, mopepuka, monga munthu amachitira ndi mwana kapena wodwala, nazungulira kumbuyo kwake n'kudzaima pakati pa Mose ndi msewu. Lole inadutsa ndi mabelo ake, nthaka inanjenjemera, fungo la fodya linawakuta, ndipo mphepo yonse ndi fumbi lonse zinamenya malaya a ku tchalitchi aja, anafufuma, anakupiza, namamatira pa nthiti za Andireya — pamene Mose, cha kuudzu, osakhudzidwa ngakhale ndi kamchenga, ankamvabe zala zija pachigongono, zikutentha.