Matiresi Amene Gladson Anasankha

Hellen anali atangotsamiritsa matiresi pamtanda wa chigafa cha fodya, kuseri kwa nyumba, pamene foni inalira pansonga ya chitenje. Anali mlongo wake Gladson, akuimba pa Watsapu kuchokera ku Joni, kuimba koonana nkhope kuja. Hellen anathamangira kaye kukhonde asanayankhe.

"Zithunzi ndatumiza zija waziona?" anafunsa Gladson moni asanathe n'komwe.

"Ndaziona, achimwene. Matiresi awiri, onse oyera mbee."

"Oyera onse, koma si amodzi. Akumanzerewo ndi a siponji, omwe aja timawadziwa. Akumanjawo ndi a latekisi, opangidwa ndi utomoni wa mtengo wa labala. Sakumbika pakati, satentha, ndipo munthu wogona tsiku lonse samutulutsa zilonda msanga. Ndawerenga zonse pa intaneti. Amayi ndikuwagulira amenewo."

Mayi awo, aTisiyenji, anagwa ndi sitiroko nthawi yokumba mtedza, ndipo chigwereni mbali yakumanzere sinkagwiranso ntchito. Gladson anali atakhalitsa ku Joni wopanda mapepala olongosoka, moti kubwera kudzazonda matenda kukanakhala kutsanzikana ndi ntchito. Ndiye chikondi chake chonse chinkadzera m'foni. Munthu wotere n'kovuta kumuletsa kugula chinthu chodula, chifukwa ndi pokhapo pamene mtima wake umapumira.

Chimene Gladson sankadziwa ndi chomwe chinkauma padzuwa kuseri kuja. ATisiyenji sankathanso kudzigwira mkodzo. Pepala la pulasitiki loyala pansi pa nsalu linkakhwinyata n'kusuntha, ndipo m'mawa uliwonse Hellen ankawakhazika mayi ake pamphasa, n'kusenza matiresi kupita nawo kuchigafa, kumene odutsa m'njira sakanawaona. Tsiku lina mayiwo anamugwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Izi zithere m'nyumba muno," anatero. "Mlongo wako asamve. Mwana wamwamuna samva zoterezi za mayi ake."

Hellen analonjeza, ndipo mpaka pano anali asanaphwanye.

"Nambala ya wogulitsa ndakutumizira," anapitiriza Gladson. "Dzina lake ndi Yusuf, ali mu Lilongwe momwemo. Ine ndilipira kuno, iye akweza pa minibasi mpaka pa Nsaru, iwe ukangolandira."

Foni itadulidwa, Hellen anakhala pakhonde n'kumayang'ana zithunzi zija. Anali matiresi okongola ndithu, ndipo mayi ake anali oyenera kugonera zotero. Koma pa chithunzi chilichonse chimapepuka, ngakhale thumba la feteleza. Poti safunsa anadya phula, anamuimbira Yusufyo.

"Ndimati ndidziwe, bambo, a latekisiwa amalemera bwanji?"

"Aa, amenewo ndi katundu, mayi," anaseka Yusuf. "Ife pano timanyamula awiriwiri, komabe thukuta kamukamu. Amapindikapindika ngati munthu woledzera. Koma mukangoika pabedi, basi, mwaiwala zogula matiresi."

"Nanga kuyanika padzuwa?"

"Ayi, ayi, musayerekeze. Dzuwa ndi mdani wake. Amauma n'kuyamba kunyenyeka ngati chigumu. Oyanikayanika ndi a siponji, opepuka aja, ngakhale amatha msanga. Muli ndi mwana wokodza pogona eti?"

"Eya," anatero Hellen, n'kuthokoza.

Mwamuna wake Levison anali pabwalo akukonza tcheni cha njinga, ndipo anamva zonse.

"Ukanakhala katundu wa kumunda, bwenzi ndikuti usadandaule," anatero osadzutsa mutu. "Koma ine ndilowe kuchipinda kwa apongozi? Ndikagwire pogona pawo? Akhoza kudzuka n'kundithamangitsa, sitiroko ili apo."

Hellen anaseka, koma zinali zoona. Levison anali mkamwini wa ulemu wake, woti polankhula ndi apongozi ankanjuta poteropo, nkhope atayang'ana kumbali. Chimanga ankasenza, nkhuni ankawaza, mankhwala ankakagula, koma pakhomo la chipinda chija mapazi ake ankathera pomwepo. Chilichonse chotuluka m'menemo chinkatuluka pamutu pa Hellen.

Masana, Hellen akuwamwetsa mayi ake phala, Gladson anaimbanso. Hellen anaika mbale pansi n'kutulukira pabalaza.

"Achimwene, ndaganiza. Gulani a siponji."

"Chifukwa?"

"Ndi amene tinawazolowera."

"Kuzolowera! Umphawinso tinauzolowera, ndiye tiziukumbatira? Amayi agonera zokumbika moyo wawo wonse. Lero mwana wawo wapeza zabwino, iwe ukuti ayi?"

"A latekisiwo ndi olemera."

"Ukufuna uzipita nawo kumsika? Matiresi amakhala pabedi. Ndipo alamu anga ali pompo, si amuna?"

Yankho Hellen anali nalo pakamwa penipeni, koma linali la eni ake.

Gladson anausa moyo. "Hellen, tandiuza zoona. Anzanga kuno amanena kuti ukatumiza ndalama ya chinthu chabwino, kumudzi amagula chotchipa, yotsalayo n'kulowera kwina. Ine ndinkawatsutsa, ndinkati mlongo wanga sangatero. Nanga bwanji ukukakamira zotchipa, chifukwa chake osanena?"

Mawu amenewo anamupweteka Hellen kuposa msana umene unkamuwawa m'mawa uliwonse. Misozi inalengeza m'maso.

"Ganizani zimene mukuganizazo, achimwene. Ine ndanena a siponji."

"Bwera nayo kuno foniyo."

Anali aTisiyenji, kuchokera kuchipinda. Chitseko chinali chosatseka, ndipo sitiroko inawalanda mwendo ndi mkono koma makutu inawasiyira. Hellen anazengereza.

"Ndati bwera nayo."

Analowa, n'kuwagwirira foni pafupi ndi nkhope. Mawu awo ankatuluka mokoka, mbali imodzi ya pakamwa, koma ankamveka.

"Gladson."

"Wawa, amayi. Mwaswera bwanji?"

"Usandifunse zimenezo. Tamvera. Ine mayi ako ndimadzikodzera. Tsiku ndi tsiku. Mwana ukumunenayu ndi amene amasenza matiresi kukayanika, yekha. Kukuuza ndinamuletsa ndine. Wamva tsopano. Umusiye."

Kwa kanthawi Hellen ankangoona denga la chipinda cha mlongo wake, foni itaikidwa pansi. Nkhope itabweranso, maso anali ofiira.

"Amayi, pepani. Hellen, mlongo wanga, ine sindinali..."

"Zapita, achimwene."

"Ndimuuza Yusuf akweze a siponji. Awiri, osanenepa kwambiri, oti uziwakwanitsa. Ena akamauma, ena azigonera."

ATisiyenji anatembenukira kukhoma, ndipo phala lija sanalimalize. Hellen anakhala m'mphepete mwa bedi, dzanja lili paphewa pa mayi ake. Mlandu unali utamuchoka, koma sanakondwe, chifukwa ankadziwa chimene mayi ake analipira kuti umuchoke.

Matiresi anafika pa Nsaru tsiku la msika. Levison anawamanga panjinga, n'kuikankha mpaka kunyumba, n'kuwatula pakhonde. Hellen anawalowetsa yekha, amodziamodzi, ndipo anali opepuka monga ananenera Yusuf.

Gladson anayamba kuimba pafupipafupi kuposa kale, ndipo ankayamba wafunsa za msana wa mlongo wake. Mayi ake ankalankhula naye bwinobwino, za mbuzi, za mtengo wa feteleza, za adzukulu. Koma foni ikayandikira, ankakokera nsalu kumaso, ndipo nkhope yawo sanamulolenso mwana wawoyo kuiona.