Paipi Imene Inalanda Makiyi a Apongozi

Tsiku limene apongozi anandiitana kuti ndiwamangire nsanja ya thanki ya madzi, ndinabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Musaseke ayi. Chikwatirireni mwana wawo, bambo amenewa anali asanandipatsepo ntchito, ngakhale yokonza chitseko cha khola. Kukabwera alendo ankangoti, "Awa ndi a Wowotcherera aja," ngati munthu amene anabwera kudzakonza geti n'kuiwala kuchoka. Ndinalumbira kuti nsanja imeneyi indilowetsa m'banjamo.

Tinapitira limodzi kukaona mapaipi. M'sitolo munali atsopano, onyezimira, moti apongozi anawasisita ngati mphaka. Ine nditagogoda ndi sipanala, analira ngati chitini chopanda kanthu. Kuseri kwa sitoloyo kuli bwalo la zitsulo, kumene amagulitsa mapaipi otsala kwa okumba mafuta. Akuda bii, dzimbiri pamwamba, koma kuchindikala kwake, mayo ine! Chikireni, chimakina chokwezera katundu chokhala ndi chimaginito, chinkawanyamula m'mwamba ngati mapesi, ine kukamwa yasa.

"Bambo, ndi awa," ndinatero.

"Mukufuna ndizikhala pansi pa zinyalala zimene ena anataya?"

"Sanataye, bambo, anangotsala. Paipi yopangidwira kupirira pansi pa nthaka singaope thanki."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Ntchito ndi yanu. Koma mpando wanga sudzafika pansi pake."

M'mawa wa tsiku lowotcherera, anthu oyandikana nawo anadzaza kumpanda ngati kuli mpira. Akazi anga anaima pakhonde, mwana kumsana, akundikodola ndi maso kuti ndisawachititse manyazi. Ndinatsitsa chigoba chotetezera maso kumaso monyadira, n'kugunditsa ndodo yowotcherera pa paipi.

Aaa! Moto unathawira kumbali ngati wauzidwa ndi mphepo. Chitsulo chosungunuka chinamwazika paliponse, ndipo pamene panayenera kukhala msoko wosalala panatsala timibulu ngati zitosi za nkhuku. Ndinasintha ndodo. Chimodzimodzi. Ndinawonjezera mphamvu pa makina. Zinanyanya. Ine amene ndakulira m'nthethe za moto, thukuta linali kamukamu.

"Bambo a mwana, kodi chikuchitika n'chiyani?" akazi anga ananong'ona.

Ndikanadziwa si bwenzi nditawauza?

Apongozi anapinda nyuzipepala yawo bwinobwino, anadzuka, n'kubwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Ndinadziwa kuti kwanga kwatha. Anawerama kuti aone manyazi angawo pafupi. Pomwepo makiyi amene amalendewera pa lamba wawo anadumpha okha n'kukakamira pa paipi, kakata! Anakoka, makiyi osachoka. Kumpanda kuja anthu anafa nalo phwete.

Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike. Koma nditawayang'ana, maso awo anali akuwala ngati a mwana amene wapatsidwa njinga. Paja bambo amenewa anagwira ntchito ya magetsi mufakitale moyo wawo wonse, ndipo chipumireni palibe anawafunsapo nzeru, ngakhale ya babu.

"Maginito!" anakuwa. "Chikireni chija chasiya maginito m'mapaipiwa! Ndi amene akukukankhirani moto!"

Jekete anaiponya pa udzu, jekete imene salola ngakhale ntchentche kuterapo.

"Maginitowa tiwachotsa ndi magetsi! Kokani chingwe cha makinacho! Kulungani paipiyo! Zungulizaninso! Tsopano yatsani moto pa kachitsulo ako, ine ndigwira makiyi!"

Ndinayatsa. Makiyi anakakamira kuposa poyamba, ndi misomali yomwe inali pansi inayamba kuimirira.

"Ayi, ayi, ndasokoneza ndine! Tazunguliza mobwerera! Masulani, mukulungire uku!"

Apongozi kuvomera kulakwa pamaso pa anthu! Akazi anga anagwira pakamwa. Tinamasula, tinakulunganso, mitu ikugundana, malaya awo oyera atadetsedwa ndi dzimbiri. Ndinayatsanso moto.

Makiyi anagwa pansi, ngwee!

"Wotchererani! Wotchererani msanga!" anafuula uku akudumpha.

Moto unakhazikika, ukulira mofatsa ngati mafuta m'chiwaya, msoko ukutuluka wosalala bwino. Ndinakuwa m'chigobamo ngati wamisala. Tsiku lonse tinagwira choncho, iwo kukulunga ndi kuyesa ndi makiyi, ine kuwotcherera. Apongozi aakazi anatiitanira chakudya mpaka kutopa.

Thanki itakwera ndi kudzaza, nsanja sinagwedezeke ngakhale pang'ono. Ndinayamba kulongedza zida zanga, ndikuyang'ana cham'mbali kuti ndione ngati bambo aja anenapo kanthu. Iwo anangolowa m'nyumba, ndipo mtima wanga unagwa.

Kenaka anatuluka atanyamula mpando wawo uja, n'kukauika pakati penipeni pa miyendo ya nsanja, pansi pa madzi onsewo. Anakhala, anatambasula miyendo. Mnzawo wina wa kumpanda anafunsa kuti mmisiri wake ndi wakuti, akufuna amumangire yake.

"Wakuti bwanji?" anatero apongozi. "Ndi mwana wanga uyu, wam'nyumba muno." Ndiye anatembenukira kwa ine. "Mwaimiranji pamenepo? Katengeni mpando wina."

Ndinatsitsa chigoba kumaso, kunamizira kuti pali pena pofunika kukonza, chifukwa misozi inali itayamba kale.