Kalata Yodindidwa ndi Jivi

A Mustapha atakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi m'ndende, ku Lungwena kunafika munthu wowonda ngati bango akufunsa nyumba ya mkazi wawo, Mwanamvua. Anampeza akuyanika usipa pathandala. Mlendoyo anati dzina lake ndi Simioni, kale anali mphunzitsi, ndipo angomutulutsa kumene. Mwanamvua atangomva mawu oti ndende, anakhala pansi pomwepo.

"Amuna anu ali moyo, mayi. Tinkagona chipinda chimodzi," anatero Simioni. "Koma miyendo yatupa, maso nawo ayamba kuchita chifunga. Ndisakunamizeni, dzinja lina sadzalimaliza."

Mukafunsa mlandu wa a Mustapha, ha, mlandu wake uti! Tsiku lina pamsonkhano anaimirira n'kufunsa chifukwa chimene anyamata a chipani ankaletsera msodzi kulowa m'madzi ngati alibe khadi la chipanicho. Funso lokhalo basi. Kunabwera galimoto n'kuwatenga, ndipo kukhoti sanapondeko ngakhale tsiku limodzi.

Simioni anafotokoza kuti chikondwerero cha mu Julaye chikamayandikira, akuluakulu amakhululukira akaidi angapo. Iyeyo anatuluka chifukwa anthu akwawo analemba kalata yomupempherera chifundo. Ndiye anatulutsa pepala limodzi lalitali m'thumba, nalemba pempholo m'Chingerezi mpaka tsamba lonse kudzaza. Kuseri anasiya koyera.

"Uku adinde zala anthu amene akumufuna munthuyu. Akachuluka, kalata imalemera. Ikakhale ku boma Lolemba likudzali, asanatseke mayina."

Simioni sanagone. Anali atamulamula kuti azikaonekera kupolisi kwawo, choncho anakwera lole ya tsiku lomwelo.

Inki ya chidindo ku Lungwena ukanaipeza kuti? Mwanamvua anapita kwa Celestina, mnzake wothandiza pachipatala, ndipo Celestina anamuthirira jivi m'kabotolo, mankhwala apepo aja opaka pazilonda. Anamuikiranso kathonje konyowetsera chala. Onse awiri anadziona ochenjera kwabasi.

Masiku atatu anayenda wapansi, khomo ndi khomo, pepala atalikulunga m'chitenje. Pofika pakhomo sankazungulira nkhani.

"Mustapha ali moyo. Ndikupempha chala chanu."

Ena ankangoyang'ana kumbali ngati sanamve. Koma ambiri, ndikuuzeni, anadinda. Asodzi amene ankakoka nawo khoka anadinda misozi ili chuchuchu. Amayi amene a Mustapha ankawaponyera nsomba zandiwo padoko anadinda. Abiba, mlongo wawo wa a Mustapha, ndiye anali woyamba, nadinda pamwamba penipeni mwamphamvu mpaka jivi kuyenderera. Zala zinakwana makumi anayi ndi ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo Mwanamvua anaimba akusesa pabwalo.

Chimene anthu onsewa anaiwala n'chakuti jivi ndi jivi. Anthu osamba m'manja kasanu patsiku popita kokaswali kumzikiti ankaganiza kuti pofika mawa zikhala zitayera. Ayi ndithu! Anayesa sopo, anayesa mandimu, anapala ndi mchenga mpaka khungu kusupuka. Chala chili chapepobe, kuonekera patali.

Lachisanu anyamata a chipani anaima pakhomo pa msika kuona makhadi monga mwa masiku onse. Khadi munthu amapereka ndi dzanja. Anaona chala chapepo, n'kuonanso china, n'kuonanso chachitatu. Mkulu wina anati ali ndi chilonda.

"Mudzi wonsewu chilonda chake n'cha pa chala chimodzi?" anafunsa wamkulu wa anyamatawo. Anapita naye kuseri kwa msika, ndipo mkulu wa chilondayo anabwerako akutsimphina, mlomo utatupa.

Masana omwewo anthu anayamba kufika kwa Mwanamvua. Woyamba anangoima pakhomo, maso pansi.

"Mayi, jiviyu tsiku lina adzachoka. Koma chala chili papepalacho sichidzachoka. Ndili ndi ana. Ndibwezereni."

Mwanamvua anafuna kutukwana. Mtima unamuwawa ngati wauthira tsabola. Koma akanatani, munthu wabwera kudzatenga chake? Anatenga lezala, nayala pepala pa mbale yachitsulo, nadula mozungulira chala cha munthuyo, n'kumupatsa m'manja kachidutswako. Wachiwiri anabwera, wachitatu anabwera. Ena ankapepesa, ena ankalira, wina anachita kukalipa ngati kuti anamudinditsa mokakamiza. Pofika Lamulungu pepala linali mabowo okhaokha ngati ukonde wodyedwa ndi makoswe. Zinatsala zala ziwiri, cha Mwanamvua ndi cha Abiba.

Lolemba m'mamawa, Mwanamvua akumanga mpango kuti anyamuke, anamva odi. Anali Abiba, dzanja atalibisa m'chitenje.

"Alamu, nanunso?"

"Alamu, musandiyang'ane choncho. Dzulo anyamata a chipani anabwera kwathu. Akuti mwana wanga yemwe ali ku sekondale uja amuchotsa, ndipo bambo ake awalanda ngalawa."

"Ameneyu ndi mlongo wanu, alamu. Bere limodzi. Ine ndine wobwera chabe."

"Ndikudziwa!" Abiba anagwada, kulira kuli pwepwepwe. "Ndikudziwa, Mulungu andione. Koma mlongo wanga anatengedwa kale. Mwanayu sanatengedwe."

Mwanamvua anatenganso lezala lija. Chala cha Abiba chinali chachikulu chifukwa cha jivi woyenderera uja, ndiye bowo lakenso linakula. Anamupatsa, napinda pepalalo bwinobwino kuti lisang'ambike, n'kupita kukadikira lole.

Ku boma anakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo. Kalaliki amene anamuitana anali bambo wa imvi, wosakhala wa kuno, wolankhula motsitsa. Anatambasula pepalalo ndi nsonga za zala, naliyang'ana kuseri, n'kuyang'ana Mwanamvua.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Ndi pempho, bwana. Amuna anga atulutsidwe. Akudwala."

"Akumupempherera ndani?"

"Ine."

"Nokha?"

"Tinalipo ambiri, bwana. Pano ndatsala ndekha."

Kalaliki anatembenuza pepala kuti awerenge. Milomo inkagwedezeka, n'kuima, n'kugwedezekanso. Apa m'pamene Mwanamvua anaona chinthu chimene masiku atatu onsewo sanachiganizire. Iye ankadula zala kuseri. Zilembo za kusukulu sankazidziwa, zake zinali za kumadrasa, choncho kutsogoloko sanatembenuzeko n'komwe. Komatu lezala silisankha mbali. Chala chilichonse chimene anabweza chinapita ndi mawu a Simioni.

"Pali mawu oti chifundo apa," anatero kalaliki. "Pali zaka khumi ndi chimodzi. Koma dzina la mkaidi palibe, nambala yake palibe. Zinali apa." Analowetsa chala m'bowo lalikulu la pamwamba lija, la Abiba.

"Dzina ndikulidziwa, bwana! Ndi Mustapha, mwana wa a Wadi, wa ku Lungwena. Nambala ndiye sindikuidziwa, koma dzinalo lembani. Cholembera si icho muli nachocho?"

Bambo uja anayang'ana cholembera chake, nayang'ana chitseko cha bwana wake chimene chinali chotsegula pang'ono. Anatsitsa mawu mpaka kunong'ona.

"Mayi, kalembedwe kanga muofesi muno aliyense amakadziwa. Ndikhululukireni."

Mwanamvua sanadzuke. Anagwira m'mphepete mwa tebulo, chala chake chapepo chili poyera, nanenanso dzinalo. Analinenanso kachitatu, mokweza, mpaka makina otayipira m'chipinda china anasiya kulira ndipo anthu a pabenchi anaweramitsa mitu. Palibe amene analemba. Mesenjala anabwera n'kumugwira pamkono mwaulemu.

"Tiyeni, mayi. Mayina tatseka."